Njinga yakale ikamazima pa silo: tithire mankhwala, titsuke kabureta, kapena tigule ina?

Pa siteji ya kabaza iliyonse mu Lilongwe muno, kaya ku Area 25, ku Kawale kapena ku Chinsapo, m'mawa simulephera kupeza munthu atawerama pa njinga yake, akukika mpaka thukuta kamukamu. Ikalira, imalira choki ili yokoka. Akangobweza choki, injini ija imadukiza kawiri katatu, kenako zii. Anzake amamuzungulira, aliyense ndi nzeru yake: uyu akuti thiramo botolo lotsukira injini, uyo akuti kapalafini pang'ono, winayo akuti kabureta yatha, kagule ina ku Malangalanga. Njira zambiri mwa izi ndinadutsamo ndi njinga yanga yakale ya 125, ndipo ndikufuna tiziike pa sikelo. Ndineneretu kumene ndaima: pa njinga yakale, mankhwala a m'botolo amateteza koma sachiza, ndipo mlandu umene timapachika pa kabureta nthawi zambiri umachokera m'thanki.

Tiyambe ndi mafuta enieniwo, pakuti petulo wathu amafika pa pampu ali wosakaniza kale. Dziko la Malawi linayamba kuthira ethanol, amene ndi mtundu wa mowa, mu petulo mu 1982. Ethanol ameneyu amapangidwa kuchokera ku molasesi wa nzimbe, ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota komanso ku Chikwawa, ndipo mlingo wake umatha kufika magawo 20 pa 100 alionse, ngakhale umakwera ndi kutsika malinga ndi kuchuluka kwa ethanol amene alipo. Ndi chinthu chabwino ku dziko chifukwa chimapulumutsa ndalama zakunja, ndipo njinga yoyenda tsiku ndi tsiku imamuwotcha popanda vuto. Koma ethanol ali ndi makhalidwe awiri amene mwini njinga yakale ayenera kuwadziwa. Amakoka chinyezi cha mu mpweya, ndipo madzi akachuluka, iye ndi madziwo amapatukana ndi petulo n'kukakhala pansi pa thanki, pomwe pali tapu. Chachiwiri, amasungunula. Utoto wakale wa mkati mwa thanki, phula la mafuta a zaka zambiri, mapaipi a labala akale, zonsezi amazifewetsa pang'onopang'ono n'kuzikankhira ku kabureta.

Palinso nkhani ya mpweya. Petulo weniweni amafuna magawo a mpweya pafupifupi 14.7 pa gawo limodzi la mafuta, pomwe ethanol amafuna pafupifupi 9 okha. Ndiye petulo wosakaniza amapangitsa injini kumva ngati mafuta akuchepa pang'ono. Mwayi wathu ndi wakuti Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yaikulu, mpweya wake ndi wopepukirapo, choncho ziwirizi zimachotserana. Kabureta yoyera ya majeti ake oyambirira kuno imagwira bwino popanda kuisinthasintha. Ikayamba kuvuta, china chake chalowa kapena chatha.

Yanga inavuta chonchi. Ndinaisiya pa khonde miyezi iwiri ya dzinja, thanki ili theka, tapu ili yotsegula. Nditabwera inakana silo, kuja kulira yokha osakoka moto. Ndinagula botolo la mankhwala otsukira, ndinalithira lonse m'thanki, ndipo masiku awiri oyamba inakhala ngati yasintha. Tsiku lachitatu inandizimira panjira, ndinaikankha mpaka kwa makaniko wina wachikulire ku Biwi. Asanagwire sipanala anandifunsa kuti, "Achimwene, mwathiramo chiyani m'thankimu?" Nditawauza, anatenga botolo loyera la madzi akumwa lopanda kanthu, anazula paipi pa kabureta, n'kuika tapu pa RES, potsegulira mafuta otsalira pansi pa thanki. Chimene chinatuluka sindidzaiwala. Pamwamba panali petulo wachikasu, pansi pake madzi otuwa okwana chala chimodzi chopingasa, ndipo pansi penipeni timibulu tofiira ta dzimbiri tangati ufa wa njerwa. Anandipatsa botololo m'manja. "Bambo, kabureta yanu ilibe mlandu. Imangomwa zimene mukuipatsa."

Mankhwala aja anali atagwira ntchito yake ndithu. Anatakasa dzimbiri ndi phula zimene zinagona m'thanki zaka zambiri, ndipo zonsezo zinalibe kolowera kwina koma m'majeti.

Kuti musankhe bwino njira, dziwani kaye kuti kabureta ili ndi tinjira titatu ta mafuta, ndipo kalikonse kali ndi nthawi yake. Pa silo mpaka kukoka moto pang'ono, imagwira ndi jeti yaing'ono imene amakaniko amati slow jet kapena pilot jet. Pakati, kuyambira kota mpaka makota atatu a moto, ndi ntchito ya singano yaitali ija imene imakwera ndi kutsika mukamapotoza moto. Moto wonse ndi wa main jet. Bowo la jeti yaing'ono silifika ndi theka la milimita lomwe, n'chifukwa chake ndiyo imayamba kutsekeka. Njinga yolira ndi choki yokha, yozima mukafika pa maloboti, koma yothamanga bwino mukakoka moto, ikukuuzani za jeti yaing'onoyo. Yoyenda bwino m'tauni koma yotsamwa mukaitsegulira pa msewu wa ku Kanengo, muyang'ane main jet kapena kuchepa kwa mafuta ochokera m'thanki. Yodontha petulo pa kapaipi ka pansi ikaima, ndi kasingano ka fuloti, choyandama chija chotseka mafuta akadzaza mu kabureta, kamene sikakutseka. Ndipo ija imene mukasiya moto injini imakhalabe ikulira pamwamba, kenako n'kutsika mochedwa, ikuba mpweya penapake, kawirikawiri pa labala ya manifodi yong'aluka.

Pulagi nayo imalankhula. Yakuda bii ndi mwaye, mafuta akuchuluka kapena air cleaner yadzaza fumbi, zomwe sizisowa kuno mwezi wa Seputembala ndi Okutobala. Yoyera mbuu ngati phulusa, mafuta akuchepa ndipo injini ikutentha. Yabwino imakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka. Musanagwire kabureta, onani pulagi, air cleaner, mavavu ndi kabowo kopumira ka pa chotsekera thanki. Njinga ikazima mutayenda makilomita angapo, mukatsegula chotsekera n'kumva "psii", kenako n'kulira bwinobwino, kabowo ako ndiko katsekeka. Anthu agula makabureta atsopano chifukwa cha kabowo kameneka.

Njira yotsika mtengo kuposa zonse, imene ambiri amailumpha, ndi kukhetsa. Pansi pa kabakuli ka kabureta pali kasikuluwu kokhetsera. Tsekani tapu, ikani botolo loyera pansi, masulani, muone chimene chatuluka. Kenako zulani paipi, mukhetse pang'ono kuchokera m'thanki tapu ili pa RES, chifukwa RES ndiyo imakoka pansi penipeni. Lisiyeni botolo mphindi zochepa. Madzi amakhala pansi mooneka bwino, ndi mzere wake. Ngati vuto ndi madzi okha, monga pambuyo pa mvula yamphamvu kapena mutatsukitsa njinga ndi paipi, apa mwathana nalo osawononga tambala. Kufooka kwa njirayi n'kwakuti sichotsa phula louma kale m'jeti. Koma imakuuzani chochita chotsatira, ndipo pa chifukwa chimenechi ine ndimaiika patsogolo nthawi zonse.

Tsopano mankhwala a m'mabotolo. Sali amtundu umodzi, ndipo kusokoneza mitunduyi ndiko kumatayitsa ndalama. Otsukira njira za mafuta, makamaka amene ali ndi chotsukira chotchedwa PEA, amasungunuladi phula, koma amasungunula pokhapo pamene mafuta akudutsa. Jeti yotsekeka theka akhoza kuitsegula mutayenda thanki imodzi kapena ziwiri. Jeti yotsekeka yonse sadutsamo, ndiye palibe chimene angachite. Dzimbiri ndi mchenga sasungunula n'komwe. Osungira mafuta, aja amalembedwa kuti stabilizer, amachedwetsa petulo kuwonongeka njinga ikamakhala osayenda. Amathandiza mukawathira mu petulo watsopano musanaimike njinga, osati petulo atanunkha kale ngati vanishi. Ochotsa madzi ambiri ndi mowa wa mtundu wa isopropyl, ndipo amangomeza timadontho tochepa. Madzi ofika chala chopingasa ngati anga aja amafuna kukhetsa basi. Okweza octane, mphamvu ya petulo yopirira kupanikizidwa, pa injini ya 125 kapena 150 ya kabaza, ndi kutaya ndalama: injini zimenezi sizipanikiza mpweya kwambiri moti n'kufuna zimenezo, ndipo ethanol yemwe ali mu petulo wathu amakweza kale octane.

Chimene chimapweteka ambiri ndi mlingo. Mabotolo ambiri anapangidwira thanki ya galimoto ya malita 50 kapena 60. Thanki ya njinga imalowa malita 10 mpaka 13, ndipo wa kabaza kawirikawiri amayenda ndi malita awiri kapena atatu okha. Kuthira botolo lonse mmenemo ndi kupitirira mlingo kakhumi kapena kuposa. Injini imalira movutika, pulagi imada, timalabala ta mkati timatupa. Werengani pa botolopo, muwerengetsere malita amene muli nawo, ndipo muthire thanki ili yodzaza. Ngati mkati mwa thanki mukuoneka dzimbiri mukaunika ndi tochi ya foni, musathire chilichonse mpaka thankiyo itatsukidwa.

Za nzeru za pa siteji sindichedwapo. Palafini amatsitsa octane, amachulukitsa utsi ndi mwaye, ndipo wina amatsikira mu oyilo n'kuisungunula. Thina ndi mafuta a mabuleki amadya labala ndi utoto. Sipiliti amangoonjezera mowa pa mowa umene ulimo kale, ndipo amakoka madzi. Timibulu toyera toika m'zovala tija sitisungunuka tonse, timakatseka sefa ya pa tapu. Zonsezi ndikuti ayi. Palafini malo ake ndi m'beseni, potsukira zitsulo mutamasula.

Pali njira ina imene imaoneka yaukatswiri: kuchotsa air cleaner n'kupopera carb cleaner kukamwa kwa kabureta injini ikulira. Utsi umatuluka wambiri, injini imakhosomola, mwini njinga amakhutira. Koma mankhwalawo amadutsa pa mmero waukulu n'kukapsa mu injini, pomwe majeti ali pansi m'kabakuli, kumene sanafikeko. Imayeretsa slide yomata, kachitsulo kaja kokwera ndi singano mukapotoza moto, ndi timabowo ta mpweya ta kukamwa, basi. Phindu lina la kachitini kameneka ndi pofufuza mpweya wobedwa: poperani pang'ono pa labala ya manifodi injini ili pa silo, kulira kukasintha mwapeza pong'aluka. Chitani izi panja, kutali ndi mbaula ndi ndudu.

Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi kumasula kabureta n'kuitsuka ndi manja. Pa njinga ya silinda imodzi ndi ntchito ya ola limodzi kapena awiri, ndipo munthu wodekha akhoza kuichita pakhomo. Yalani nsalu yoyera pa tebulo kapena pa mphasa, osati pa dothi, chifukwa muli tizitsulo tating'ono ngati njere ya mpunga. Jambulani ndi foni musanachotse chilichonse. Sikuludiraiva ikhale yokwana bwino, pakuti majeti ndi a mkuwa wofewa, ikaterereka kamodzi mutu watha.

Musanachotse sikuluwu yosinthira mpweya, ilowetseni mofatsa mpaka igunde, mukuwerenga kuti yazungulira kangati, ndipo mulembe. Pa makabureta ambiri mupeza pakati pa kamodzi ndi theka ndi kawiri ndi theka. Musaimange mwamphamvu, nsonga yake imathyoka. Kumbuyo kwake nthawi zambiri kumakhala kasipuling'i, kawashala ndi kalabala kozungulira, ndipo kalabala aka kamakonda kutsalira m'bowo. Dziwaninso kuti sikuluwu ikakhala mbali ya air cleaner ndi ya mpweya, kuitulutsa kumachepetsa mafuta. Ikakhala mbali ya injini ndi ya mafuta, kuitulutsa kumawaonjezera. Ambiri amapotoza mobwerera chifukwa chosadziwa izi.

Mukatulutsa jeti yaing'ono, iyang'anitseni ku dzuwa. Muyenera kuona kadontho ka kuwala kozungulira bwino. Yanga ija inali mdima wokhawokha, ndipo m'mbali mwake munali zobiriwira ngati ndere. Inyikeni mu carb cleaner, kenako mudutsitsemo kachingwe kamodzi ka kopa kochokera mu waya wa magetsi. Singano yosokera ndi waya wachitsulo ayi. Chitsulo chimakuza bowo, ndipo jeti yokula bowo sibwereranso, njinga imangoyamba kumwa mafuta ndi kudetsa pulagi. Timabowo ta m'mbali mwa jeti ndi mwa kachubu kamene main jet imamangidwapo tonse titseguke. Poperani m'tinjira ta m'thupi la kabureta muone ngati mankhwala akutulukira mbali ina, mutateteza maso. Mukatha, pitani kwa okonza matayala akupemerereni ndi kompuresa, fuloti ndi malabala mutachotsa. Ngati kabureta yanu ndi ya mtundu uja wokhala ndi labala yopyapyala pamwamba, labalayo isakhudzane ndi mankhwala, imakwinyika.

Fuloti igwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva mafuta mkati, yabooka. Kasingano kake kayang'aneni ku nsonga: kakakhala ndi mzere wodyeka mozungulira, sikadzatsekanso bwino ngakhale mutsuke chotani. Vuto limeneli musalichedwetse. Petulo wosefukira amatha kutsikira mu injini n'kusakanikirana ndi oyilo. Nunkhizani kandodo koyezera oyilo, ngati kakununkha petulo kapena oyilo wakwera yekha, sinthani oyilo musanayende.

Kupita kwa makaniko ndi njira yomweyi, kusiyana ndi manja. Wabwino mumamudziwa chifukwa amayamba wafunsa mafuta amene mwathira, amakhetsa thanki, ndipo amakuonetsani jeti. Chenjerani ndi amene amangopotoza sikuluwu ya silo kuti injini ilire pamwamba n'kunena kuti yatheka. Chenjeraninso ndi nzeru ija yotsitsa singano kuti njinga "isamamwe mafuta". Singano zambiri zili ndi timipata tisanu, ndipo kakilipi kamakhala pakati. Kukakweza m'mwamba kumatsitsa singano, mafuta amachepadi, koma injini imatentha, ndipo ndalama imene mwapulumutsa pa pampu mudzailipira pa mavavu ndi pisitoni. Ndikumvetsa chifukwa chake anyamata a kabaza amachita izi, petulo wakwera mtengo ndipo bwana akudikira ndalama yake madzulo. Koma injini ikagwa, onse awiri amakhala pansi.

Nanga zida zatsopano? Kapaketi kokonzera kabureta kamakhala ndi gasiketi, malabala, kasingano ka fuloti, majeti ndi singano. Langizo langa ndi lakuti mutengemo malabala, gasiketi ndi kasingano ka fuloti, koma majeti ndi singano yaitali musunge zanu zoyambirira ngati sizinawonongeke. Majeti a m'timapaketi totchipa nambala yolembedwa ndi bowo lenileni nthawi zina sizigwirizana.

Kabureta yatsopano ndi njira yachangu, ndipo pa njinga za injini ya mtundu wa Honda CG ndi yomveka. Makabureta a PZ26 ndi PZ27 amapezeka mosavuta m'mashopu a zida za njinga, amalowa popanda kusema, ndipo wa kabaza amabwerera pa msewu tsiku lomwelo. Ndi yoyenera thupi la kabureta likang'aluka, mano a masikuluwu akatha, kapena slide ikadyeka moti ikugwedera mkati. Koma pa njinga za ku Japan zakale, zija tinazolowera kuona ndi alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, monga Yamaha DT 125, AG 100, AG 200, Suzuki TF 125 ndi Honda XL 125, ine ndimati gwiritsitsani kabureta yake. Mikuni kapena Keihin yoyambirira, ngakhale ya zaka 30, ikatsukidwa bwino imaposa yongofanizira yatsopano. Pa za two-stroke, zija zimawotcha oyilo pamodzi ndi petulo, monga DT, AG 100 ndi TF nkhani ndi yoopsa kwambiri: jeti ikachepa injini imatentha n'kugwira pisitoni, ndipo pa zina kapaipi ka oyilo wa pampu kamalowera pa kabureta penipeni, pomwe yogula ikhoza kukhala yopanda polowetsa pake. Ngati mwagulabe yatsopano, yakaleyo musataye ndipo musasiye ku galaja.

Zonsezi zimagwa ngati thanki ili yakuda. Kabureta yotsukidwa kapena yatsopano, mukailumikiza ku thanki ya dzimbiri, pakatha sabata mwabwerera pomwe munali. Chotsani thanki, khetsani zonse, masulani tapu mutsuke kasefa kake. Thirani palafini pang'ono ndi manati odzaza dzanja, muwawerenge polowetsa kuti mudzawerengenso potulutsa, ndipo mukhutchumule mpaka mikono itope. Dzimbiri likakhala lambiri, viniga wa kukhitchini wogonamo usiku umodzi kapena uwiri amalidya. Mukatero tsukuluzani ndi madzi a soda, muumitse pa dzuwa mpaka mkati muume gwa, n'kudzaza petulo tsiku lomwelo, chifukwa chitsulo chosambitsidwa chimachita dzimbiri msanga. Thanki yobooka musaiyandikize ku moto wa kuwotcherera ikadali ndi fungo la petulo. Pomaliza sinthani paipi ya mafuta ngati yauma kapena yafewa, ndipo muikepo kafyuluta koonekera mkati pakati pa tapu ndi kabureta, muvi wake utaloza ku kabureta. Pa zonse zimene ndagulira njinga yanga, kafyuluta aka ndiko kandibwezera kwambiri.

Mafuta a m'zigubu ndi nkhani imene tonse tikuidziwa. Pa nthawi ya mizere italiitali ku mafilingi siteshoni, wa kabaza sangagone pa mzere masiku awiri ana akudikira ufa, amagula wa m'mabotolo. Wina amakhala wabwinobwino, wina wothiridwa palafini kapena madzi, wina wakhalitsa m'chigubu chomwe kale munali mafuta ophikira. Ngati palibe kuchitira mwina, liyang'aneni botolo ku dzuwa lisanathiridwe, lisiyeni likhazikike, musefe pa nsalu yoyera, ndipo musathire madontho omaliza a pansi. Madzulo ake khetsani kabakuli.

Ndiye kwa amene njinga yake imayenda tsiku lililonse ndipo yangoyamba kudukiza pang'ono, thanki ili yoyera: khetsani, onani pulagi ndi air cleaner, ndipo mankhwala otsukira pa mlingo wake akhoza kukuthandizani. Kwa amene njinga yake ikulira ndi choki yokha, kapena yakhala miyezi osayenda, musataye ndalama pa botolo, masulani kabureta ndipo muyang'ane m'thanki tsiku lomwelo. Kugula ina kubwere pambuyo poti mwaiona ndi maso kuti yakaleyo yadyeka.

Panopa ndikadziwa kuti njinga ikhala kuposa masabata awiri, ndimadzaza thanki kuti musakhale malo a chinyezi, ndimatseka tapu injini ikulira mpaka izime yokha, kenako ndimamasula kasikuluwu ka pansi kuti madontho otsala atuluke. Chaka chatha inakhala chomwecho kuyambira Januwale mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Nditabwera ndinatsegula tapu, ndinadikira mphindi imodzi kuti kabakuli kadzaze, ndinakoka choki, ndipo inalira pa kiki yachiwiri.